Khutu la Gitala ya a Mphezi

"Loko ameneyu wamuika kunja kwa chitseko. Tandiuza, kodi akuba ali m'katimo?"

Atelala anafunsa ali chiimire m'kanjira kopita kuchipinda chakumapeto, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini awiri ali pakona ya mlomo. Mwana wawo woyamba anali atagwada pachitsekopo akumangitsa sikuluwu yomaliza. Msewu wonse unkamutcha Tayi, chifukwa chiyambire ntchito ya ukalaliki palibe amene anaonanso khosi lake lili lokha, ngakhale popita kukataya zinyalala.

"Amayi, tsitsani mawu. Ndi za tsiku limodzi basi."

"Tsiku liti?"

"Loweruka la sabata yachitatu. Akubwera mtsikana uja, mphunzitsi uja, pamodzi ndi mayi ake ndi amalume ake, kudzaona kwathu. Ndinakuuzani."

"Unandiuza kuti kukubwera alendo. Sunandiuze kuti bambo ako ukuwamangira khola."

"Si khola. Bedi lilimo, zenera lilipo, ndowa ilimo. Alendo akangotuluka nditsekula."

"Nanga akafunsa kuti mwini nyumba ali kuti?"

Tayi anaimirira n'kusasa fumbi pamaondo. "Ndinawauza kale. Ndinati bambo ali kutali kwa abale, akupuma."

M'chipindamo bedi linalira pang'ono. A Mphezi ankamva zonse. Dzina limeneli anapatsidwa ndi anthu ovina, masiku amene zala zawo zinkang'anima pagitala mpaka holo yonse kuiwala kuti kuli mawa. Chaka chapitacho sitiroko inawalanda mkono wamanja, mwendo wamanja ndi theka la pakamwa. Mawu anatsala, koma ankatuluka aang'ono ngati a munthu wolankhula pansi pa chitsime, ndipo kuti uwamve unayenera kuika khutu pamlomo pawo.

"Munthu ali apa akukumva, iwe ukuti ali kwa abale," anatero Atelala.

"Bongololo sadzolera mafuta pagulu, amayi. Mwaiwala tsiku lija anabwera abwana anga? Bambo anatulukira pabalaza malovu ali pachifuwa, atakumbatira gitala ngati khanda, akuigogoda ndi dzanja limodzi. Abwana anasiya tiyi wosamwa."

"Ndiye iwe unawalanda gitalayo n'kukaiponya m'shedi pamwamba pa makasu."

"Ndinkateteza ulemu wawo."

"Ulemu wa ndani? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amene ananena mawuwa sanatchule bambo, koma sanawachotsemo."

Tayi anaponya kiyi m'thumba la malaya. Analankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunapweteka. "Inu amayi, kasitomala akabwera kudzayezetsa diresi, amathamangira kukoka katani ya m'kanjira kano ndani? Ine ndangogula loko. Katani munayamba ndinu."

Atelala anachotsa mapini pamlomo. Mwanayo anawongola tayi wake n'kupita kuntchito.

Masana omwewo Atelala analowa m'shedi. Gitala inali chagada pamakasu, yofiira ngati kale, fumbi litaiphimba. Anaipukuta ndi nsanza, n'kupita nayo kwa amuna awo. Dzanja lamanzere la a Mphezi linailandira lisanapemphedwe. Zala zinakwera pakhosi la gitalayo n'kuyamba kuyenda, zikudziwa khomo lililonse ngati munthu wobwerera kumudzi kwawo. Atelala anakoka sipika pansi pa bedi, nalumikiza chingwe, nayatsa. Sipika inangoti mmm. Zala zinayenda, zinayendanso, koma mawu osatuluka. Kenako dzanjalo linaima, linatsika, n'kukaloza kachipangizo kakuda kamene kanali pansi pa nsambo. Kanali ndi bala lalikulu la khasu, ndipo m'balamo munkatuluka timaulusi tofiirira ngati tsitsi la chimanga.

M'mawa mwake Atelala anakulunga gitalayo m'nsalu n'kuisenza kupita kwa achimwene awo, okonza mawailesi, amene aliyense ankawatcha a Mawaya. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi kodzaza mawailesi akufa mpaka kudenga. Yendani mizinda yonse imene mungathe kuyenda, simudzapeza munthu wina wokhala m'malo opanikiza chotero koma wolankhula ngati mwini doko.

"Ika apa, mlongo wanga, ika apa. Gitala ya alamu anga. Ukudziwa kuti manja awa anakonza wailesi ya sitima ya pamadzi, mafunde akuvina, kapitawo akuitana mayi ake? Anakonza mawaya pansi pa mgodi, kumene mdima ungathe kuudula ndi mpeni. Ndinachoka pakhomo ndi pulayala imodzi ndi nsapato zosiyana, lero taona ufumu wangawu."

"Ndauona, achimwene. Pokhala palibe."

"Mfumu sikhala, imayendera." Anamasula kachipangizo kaja, nakhudzitsa timiyendo tiwiri ta mita. Singano ya mita sinagwedezeke. "Yagontha. Ichi amati pikapu, koma ine ndimati khutu. Gitala yamagetsi payokha ndi wosalankhula. Nsambo ikanjenjemera, timaginito tisanu ndi kamodzi iti timamva, ndiye waya wozungulira timaginitoti amanyamula zimene tamvazo kupita nazo kusipika. Khasu ladula waya."

"Ndiye lumikizani."

"Ukameta munthu ungamulumikize tsitsi? Waya ameneyu ndi mmodzi, wazungulira maulendo zikwi zisanu ndi zitatu, ndipo khasu lamudula pamalo mazanamazana. Tiyenera kumeta yense n'kukulunga watsopano." Anakwera pampando, natsitsa chitini cha masikono, natulutsamo chikulungo cha waya wa kopa woonda kuposa tsitsi la khanda. "Uyu ndinapatsidwa ndi mkulu wina wa diso limodzi, mumzinda umene kumagwa chipale mpaka agalu amavala majuzi. Zaka makumi awiri ndakhala ndikumusungira ntchito yoyenera."

"Mumaliza liti?"

A Mawaya anatambasula dzanja pakati pa iwo awiri. Linkanjenjemera ngati tsamba. "Manja awa anagwedeza dziko, tsopano dziko likubweza. Tiyi ndimamwa theka, theka amamwa malaya. Waya ameneyu ndingomukhudza aduka. Ukulunga ndiwe."

"Ine ndimasoka nsalu."

"Munthu wolowetsa ulusi m'singano uku akukalipira kasitomala angalephere izi? Makina ako osokera ndiwo fakitale yonse. Chotsa singano, mata khutuli pagudumu la dzanja. Phazi likaponda kamodzi, gudumu limazungulira kasanu. Ukaponda makumi awiri, ponya batani limodzi m'kambale. Mabatani akakwana makumi asanu ndi atatu, ima. Waya adutse pakati pa zala ziwiri, osamufinya, osamulekerera. Ndipo usakulunge utakwiya, amaduka."

"Nanga ndikalephera?"

"Wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima. Ndinakuuza tsiku la ukwati wako, ukuseka."

Ntchito inayamba Lolemba, Tayi atapita. Atelala anatsekula chitseko chakumapeto, nathandiza amuna awo kufika pabalaza, nawakhazika pampando wa nsungwi pafupi ndi makina. Katani anaisiya chitsekukire. Chikulungo cha waya anachiimika pansi, pakati pa mapazi, ndipo waya ankakwera yekha kudutsa m'zala zawo kukafika pagudumu.

Waya ameneyu sankaoneka. Munthu wolowa akanati mayiyu wapenga, akusoka mphepo. Pokhapokha pamene dzuwa la pazenera linkamudutsa m'pamene kankaoneka kamzere kamoto, kotalika ngati chala, kakugwedezeka m'malere. Phazi linkaponda, gudumu linkazungulira, makina opanda singano ankapuma ngati mwana wogona. Khumi ndi zisanu ndi zinayi, makumi awiri, batani m'kambale, nde. Atelala anapeza kuti phazi limawerenga lokha, ndipo mutu umatha kupita kwina.

Unkapita kuholo ya denga la malata, kumene nyali zofiira ndi zobiriwira zinkasambira pankhope za anthu. Ankaona mnyamata woonda wa jekete lonyezimira ataweramira gitala ngati akuinong'oneza chinsinsi, ndipo gitalayo inkaulula chinsinsicho kwa holo yonse. Ankamva fungo la polishi wa pansi ndi la mafuta a m'mutu. Ankadziona ali ndi diresi lachikasu limene anasoka okha, lalifupi mbali imodzi chifukwa nsalu inachepa, ataima mopendekera kuti anthu asazindikire. Woimbayo anazindikira. Anatsika papulatifomu nyimbo ili m'kati, chingwe chikumutsatira, n'kudzaima mopendekera pambali pawo. Batani m'kambale, nde.

Akatembenuka ankapeza zala zamanzere za a Mphezi zikugogoda pabondo, zikuwerengera limodzi.

Lachitatu kunabwera mayi wina kudzatenga siketi. Ataona a Mphezi anaima pakhomo, maso akusowa potera. Dzanja la Atelala linayamba lokha kupita kukatani, koma linali ndi waya, ndipo waya sasiyidwa.

"Awa ndi amuna anga," anatero. "Apatseni moni, akumva."

Mayiyo anapereka moni, nakhala pang'ono, nanena kuti mchemwali wake anavinapo nyimbo zawo mpaka chidendene cha nsapato kuthyoka. Mbali yamoyo ya pakamwa pa a Mphezi inakwera m'mwamba.

Lachisanu Tayi anaweruka msanga. Anapeza bambo ake pabalaza, mayi ake akuponda makina opanda nsalu, m'kambale muli mabatani makumi asanu ndi atatu kuchotsapo ochepa.

"Izi ndiye ziti tsopano?"

"Ndikuwakonzera bambo ako gitala. Usandilankhulitse, ndikuwerenga."

"Aimba ndi chiyani? Dzanja lokhwatcha nsambo ndi limene linafa. Mukuwapatsa chiyembekezo chabodza, amayi, ndipo chimenecho ndiye nkhanza."

"Khumi ndi ziwiri. Khumi ndi zitatu."

"Pajatu ndimafuna tikambe. Tikakwatirana, chipinda changa chija n'chaching'ono. Tidzafuna chakumapeto. Shedi ndiikonza bwinobwino, ndiika simenti, ndiboola zenera. Kumeneko bambo adzakhala mwamtendere, opanda phokoso la alendo."

"Kumene unaponya gitala."

"Ndati ndiikonza."

"Mwana iwe, nyumba ino njerwa zake zinachokera m'zala zimene ukuziona pabondopo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe."

"Miyambi siipukuta malovu, amayi."

Zala za Atelala zinafinya. Panalibe phokoso lililonse. Kamzere kamoto kaja kanangozima, ndipo gudumu linapitiriza kuzungulira lopanda kanthu. Anaimitsa phazi, nayang'ana nsonga ya waya ili lende pachala chawo. Masiku asanu anathera pamenepo. Tayi anayang'ana mayi ake, anayang'ana bambo ake, n'kulowa kuchipinda kwake.

Atelala anatenga lezala n'kumeta zonse zimene anakulunga. Kopa anagwera pansi mulu, wofewa ngati tsitsi la pometera. A Mphezi anakodola ndi chala. Atelala anawerama, naika khutu pamlomo pawo, nadikira mawu kuti akwere m'chitsime muja.

"U... sa... mu... de."

"Ndisamude? Inu mukumuikira kumbuyo?"

"Ndi... ma... ntha."

Atelala anakhuthula mabatani patebulo n'kuyambiranso Lolemba.

Ulendo wachiwiri unayenda ngati madzi. Ankakulunga dzuwa likafika pazenera, n'kusiya likachoka. Masiku anasungunukirana. Nthawi zina ankaona ngati sakukulunga waya koma zaka, chimodzi pamwamba pa chinzake, zaka za m'mabasi odzaza masipika, zaka za matewera pachingwe, chaka chimene Tayi anadwala chikuku bambo ake n'kumuimbira masiku anayi mpaka malungo atatsika. Zonse zinkadutsa pakati pa zala ziwiri, osazifinya, osazilekerera. Khutu lija linkanenepa pang'onopang'ono, likusanduka lofiirira ndi losalala ngati mimba ya nyerere.

Batani la makumi asanu ndi atatu linagwa Lachiwiri la sabata yachitatu. Atelala anaimitsa phazi n'kutambasula msana. A Mphezi anali ndi gitala yopanda khutu pamiyendo, zala zamanzere zikugogoda nsambo pakhosi. Atelala anatchera khutu. M'nyumba munali zii, komabe chimene anamva chinali ngati nyerere zikuyenda papepala. Anayang'ana dzanja lamanja lili gone pampando. Anayang'ana chikulungo cha waya pansi. Anatsekula kabati, natapa mabatani ena, nabweza phazi pachopondera.

A Mawaya anabwera Lachinayi masana ndi chikwama cha zida, akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Mukuoneka ngati nduna yopuma. Tiyeni tione ntchito ya wophunzira wanga." Ananyamula khutu lija n'kulitembenuza. "Ichi chatupa bwanji chonchi? Mabatani angati?"

"Zana limodzi ndi khumi."

"Ndinati makumi asanu ndi atatu. Ine ndaona mafakitale amene denga lake ukaliyang'ana chipewa chimagwa, ndipo konseko amaima pamene ndinakuuzapo. Chivundikiro chake sichilowanso apa. Mawu adzatuluka onenepa, amdima."

"Amene amaima pamenepowo amapangira anthu a manja awiri, achimwene. Alamu anu atsala ndi dzanja logogoda basi. Munati waya ndiye amanyamula zimene khutu lamva. Ndiye ndati onyamula achuluke, popeza katundu wake ndi wopepuka."

A Mawaya analitembenuzanso khutulo. "Ndimafuna ndikuuze zomwezo, ndinangoiwala. Nzeru zimenezi ndi za m'banja mwathu. Gwira chowotcherera ichi, ine ndikhala maso ako, iwe ukhale manja anga."

Atelala anasungunula kadontho ka mtovu pansonga ziwiri za waya, utsi wake ukuyabwa m'mphuno. Singano ya mita inalumpha n'kukaima kutali. Popeza chivundikiro chinakana, anakulunga khutulo ndi riboni yakuda yotsala padiresi la maliro, namanga mfundo yaing'ono. Analibwezera pansi pa nsambo, nalumikiza chingwe, nakweza sipika mpaka pamapeto.

Chala cha a Mphezi chinagwa pansambo.

Mawu anatuluka aakulu, ozungulira, ofunda, ngati munthu wonenepa akuimba m'bafa. Anayandama pabalaza n'kuchedwa kufa. Chala chachiwiri chinagwa, chachitatu chinakoka nsambo cham'mbali mpaka inalira ngati ikufunsa funso. Sizinali zong'anima za kale. Zinali zochedwa, zina zinkaphonya, koma inali nyimbo, ndipo inkatuluka m'dzanja limodzi. Atelala anakhala pansi penipeni, pasimenti.

A Mphezi analeka kuimba. Anaweramitsa mutu mpaka chibwano chinatsala pang'ono kukhudza nsambo, ngati mmene ankachitira kale, ndipo milomo inagwedezeka. Sipika inalankhula, mawu okhuthala, omveka mpaka kukhitchini.

"Ya... chi... ta... tu... ya... tsika."

Chaka chathunthu munthu asanamveke kupitirira mphuno yake, mawu oyamba n'kukhala odandaula kuti nsambo yachitatu sinamangidwe bwino. Atelala anayamba kuseka, kuseka kwakeko kukutuluka ndi misozi.

"Wamva?" anatero a Mawaya. "Ndiye vuto lake limenelo. Waya akakhala womasuka amamva zonse, chifuwa, mpando, ngakhale ntchentche ikatera. N'chifukwa chake timaliviika m'phula kuti waya agwirane, amve nsambo zokha. Safunsa anadya phula, koma iwe uli ndi mwayi, uli ndi ine. Bweretsa makandulo anayi ndi kachitini."

"Phula likalowa, mawu awo aja adzamvekanso?"

"Ayi, ndiye cholinga chake."

"Ndiye makandulo akhale kaye."

"Mlongo wanga, khutu losaviika ndi manyazi kwa mmisiri. Ukaliyandikitsa kusipika limalira ngati nkhumba yomangidwa."

"Tiika sipika kutali."

A Mawaya anayang'ana alamu awo, amene anali ataweramiranso gitala akuyesa mawu ena. Anatseka chikwama cha zida pang'onopang'ono. "Wina akafunsa, usanene kuti ndinalipo."

Loweruka m'mawa Atelala anasambitsa amuna awo, nawameta ndevu. Sipika anaiika kuseri kwa chitseko, kutali ndi bedi, ndipo chingwe chake cha magetsi anachidutsitsa pansi pa chitsekocho kukafika pasoketi ya pabalaza, pafupi ndi makina. Swichi inali yozimitsa.

"Sindikudziwa ngati ndiyatse," ananong'ona. "Ndi mwana wathu. Ukwati wake ungathere pomwepa."

A Mphezi anangoloza jekete lawo lakale pamsomali, ndipo Atelala anawaveka.

Tayi anatseka loko nthawi ya masana, nakoka katani, nayala nsalu yoyera patebulo. Chingwe anachiona koma anaganiza kuti n'cha nyali. Alendo anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Mayi wa mtsikanayo anali wamfupi, wa chikwama chachikulu. Amalume ake anali aatali, oyendetsa basi opuma ntchito, oseka ndi mapewa. Mtsikanayo, mphunzitsi uja, anakhala kumapeto kwa mpando, manja pamaondo, maso akuyendera zithunzi za pakhoma. Anamwa tiyi, anayamikira makatani, anakamba za kutentha ndi za misewu yokumbika.

"Nanga bambo akupeza bwanji kumene aliko?" anafunsa amalumewo.

"Akupezako bwino," anatero Tayi. "Mphepo ya kumeneko ikuwayanja."

"Zimakhala bwino choncho." Amalumewo anatembenukira kwa Atelala. "Koma inu mayi simuwasowa? Nyumba yopanda mwini imazizira."

Maso onse anabwera kwa Atelala. Tayi ankamwetulira, koma thukuta linali litanyowetsa kolala. Atelala anaona nkhope yake ili yaing'ono monga inalili nthawi ya chikuku, ndipo anamumvera chisoni chenicheni. Mawu akuti "ndimawasowa" anali okonzeka palilime, aafupi, osavuta. Anaika kapu pansi, nawerama ngati akutola pini pafupi ndi makina, nakanikiza swichi.

Kuseri kwa katani kunayamba kulira mmm.

Kenako mawu amodzi onenepa anatuluka m'kanjiramo, nayandama pamwamba pa makapu. Achiwiri anatsatira. Nyimbo inabwera ikutsimphina, ikupuma panjira, koma ikudziwa kumene ikupita. Supuni ya mayi wa mtsikanayo inaima m'kapu.

"Ndi wailesi," anatero Tayi. "Amayi amaiwala kuzimitsa."

Nyimbo inaleka. Panamveka kupuma kwa munthu, kwakukulu ngati mphepo ya m'chitoliro, kenako mawu.

"Ta... ku... la... ndi... rani. Mwa... yenda... bwanji?"

Amalume aja anaika kapu patebulo mosamala. "Ine ndayendetsa basi zaka makumi atatu wailesi ili m'khutu," anatero. "Sinandifunsepo mmene ndayendera."

Palibe anaseka. Mphunzitsiyo anaimirira, napita kukatani, naikokera pambali. Anaona chitseko, anaona loko wonyezimira watsopano. Anagwada pomwepo, diresi lake labwino lili pasimenti.

"Tayenda bwino, bambo. Kaya inu mwaswera bwanji?"

Gitala inayankha ndi mawu awiri, okwera ndi otsika.

Mtsikanayo anatambasula dzanja chakumbuyo osatembenuka. Tayi anaima pakati pa balaza. Anayang'ana mayi ake, ndipo mayi ake sanathawitse maso. Anapisa m'thumba la malaya, naika kiyi m'dzanja lotambasukalo.

Chitseko chitatseguka, a Mphezi anali atakhala tsonga pabedi, jekete lonyezimira lili lende paphewa lakufa, gitala yofiira pamiyendo, kachingwe ka malovu kakutsika pachibwano. Anachotsa dzanja pansambo n'kulipereka. Linali lamanzere. Mtsikanayo analilandira ndi manja awiri. Mayi ake analowa pambuyo pake, nagwada nawonso. Amalume anasuzumira ali pakhomo, n'kuvula chipewa.

"Kodi si a Mphezi awa? Bwana, inu munandichedwetsapo basi maola awiri. Okwera onse anatsikira kuholo kwanu, ine ndinawatsatira kukawaitana, n'kuvina mpaka nsapato kung'ambika."

Tayi anafika kumbuyo kwawo, tayi atamumasula. "Ndinkafuna kukuuza," anatero kwa mtsikanayo. "Ndinkaopa kuti ukawaona udzaganiza kuti ukubwera kudzakhala wolera odwala. Ndinachitira iwe."

Mtsikanayo anaimirira. Anayang'ana bedi, zenera laling'ono, ndowa pakona, makoma anayi. Anayang'ana pang'onopang'ono, ngati mmene munthu amayang'anira nyumba imene akufuna kusamukiramo. Polankhula sanakweze mawu.

"Ine ndili ndi funso limodzi, ndipo usandiyankhe lero, uyambe waganiza. Tsiku limene ndidzadwale ine, chipinda changa ndi chino, kapena uli ndi china?"